Za Magulu Opulumutsa Anthu pa Nthawi ya Tsoka Lalikuru

Phunziro la mwezi uno

Mitambo yayamba kusonkhana, ndipo ali yense ali kalikiliki kukonza munda wace ndi kufolera nyumba yace. Mvula ndiyo moyo wathu. Koma tidziwa tonse kuti zaka zina idza ndi ukali, nigumula nyumba, nikokolola minda, nipha anthu. Cifukwa cace mwezi uno tifuna kuphunzira pamodzi za magulu a anthu amene athamangira ku malo a tsoka kukapulumutsa anzao: ndani iwo, agwira bwanji nchito yao, ndiponso cimene ife a m'midzi tiyenera kucita kuti nchito yaoyo isapite pacabe. Tidzaona kuti pa tsoka lalikuru anthu ambiri apulumuka ndi dongosolo la magulu ambiri omverana, ndi kuti gulu loyamba pa magulu onsewo ndilo la mudzi womwewo umene tsoka lagwerapo.

1. Ngozi ndi tsoka lalikuru zisiyana bwanji?

Nyumba imodzi ikapsa pamudzi, tinena kuti pagwa ngozi. Anansi athamanga ndi ndowa zao, wopsa amtengera ku cipatala, ndipo banjalo ligona kwa abale kufikira litamanga nyumba yina. Othandiza ali ambiri, obvutika ali owerengeka. Koma pa tsoka lalikuru obvutika acuruka koposa othandiza, ndipo othandiza omwe ali m'mabvuto. Mnansi amene akadadza ndi ndowa, nyumba yace yagwanso; mseu wa ku cipatala waduka; lamya yaleka kugwira; ndi m'cipatala momwe madzi alowamo.

Zotere zinaoneka m'dziko lathu la Malawi m'caka ca 2023. Namondwe amene anamucha dzina lace Freddy anabadwira kutali pa nyanja yamcere, kufupi ndi dziko la Australia, kumayambiriro a mwezi wa Febuluwale. Anaoloka nyanja yonse ya India, naomba cisumbu ca Madagascar, nalowa m'dziko la Mozambique, nabwerera ku nyanja, nadzanso kaciwiri kufupi ndi Quelimane pa 11 Marichi. Akatswiri a zanyengo anawerenga kuti anakhala masiku 36, kuposa anamondwe onse olembedwa m'mabuku ao. Pofika kwathu kuno mphepo yace inali itacepa, koma mvula yace inali yosasimbika: m'masiku 6 malo ena a m'cigawo ca kumwera analandira mvula imene ikadagwa miyezi 6.

Usiku wa Lamulungu pa 12 Marichi, kuca kwace Lolemba, matope ndi miyala zinatsetsereka kucokera m'phiri la Soche mu Blantyre, nizikwirira nyumba za ku Chilobwe. Ku Chiradzulu mudzi wa Ntauchira unakokoloka. Ku Mulanje ndi ku Phalombe mitsinje inatsika ndi miyala yaikuru, ndipo ku Chikwawa ndi ku Nsanje madzi a Shire ndi Ruo anasefukira, anthu nakwera m'mitengo ndi pa zulu. Milatho inacoka, magetsi anazima. Pa 13 Marichi Dr Lazarus Chakwera, amene anali mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, analengeza kuti cigawo ca kumwera cagwa m'tsoka. Atatha kuwerenga anapeza kuti akufa ndi osowa pamodzi anaposa 1,000, ndipo osowa pokhala anaposa 650,000, nakhala m'misasa yoposa 700, yambiri ya iyo m'masukulu ndi m'nyumba zopemphereramo.

Tisayese kuti zimenezi nzacilendo. Makolo athu anazicha Napolo. Anaziona ku Zomba mu Disembala 1946, ndi ku Phalombe mu Marichi 1991, pamene phiri la Michesi linagumuka ndi kupha anthu mazana angapo. Madzi saiwala khwawa; cimene cinadza kale cidzabweranso, ndipo tiyenera kudziwiratu za iwo amene adzatithandiza pa tsikulo.

2. Gulu loyamba ndilo la pamudzi

Tsoka likagwa, afika poyamba ndani? Afika poyamba ndiye amene ali pomwepo. Ku Chilobwe m'mawa muja, amene anayamba kufukula anzao m'matope anali anansi ao, ena ndi makasu, ena ndi mafosholo, ena ndi manja okha. Ndipo ici sicicitika m'maiko osauka okha ai. Pa 17 Januwale 1995 cibvomezi cacikuru cinagwetsa mzinda wa Kobe ku Japan, dziko la makina ambiri ndi la ozimitsa moto ophunzira bwino, nicipha anthu oposa 6,000. Pambuyo pace anthu ophunzira a kumeneko anawerenga kuti mwa anthu 10 ali onse amene anacita kufukulidwa amoyo pansi pa nyumba zakugwa, ngati 8 anaturutsidwa ndi abale ndi anansi ao.

Cifukwa cace ncodziwika. Munthu wopanikizidwa ndi khoma akhoza kudikira tsiku limodzi, kapena masiku atatu akakhala ndi mwai. Koma wokwiririka m'matope kapena wotengedwa ndi madzi alibe nthawi yotere, pakuti mpweya ukamthera wapita. Cithandizo ca kutali cifika mawa kapena mkuja. Paja akuru anati fodya wako ndiye ali pamphuno.

Boma linazindikira ici litaona za ku Phalombe. M'caka comweco ca 1991 linaika lamulo la kukonzekera matsoka ndi kuthandiza ogwidwa nao, ndipo potsata lamulolo panakhala makomiti oteteza anthu: a m'midzi, a kwa mafumu akuru, ndi a pa boma liri lonse. Pamwamba pa onsewa pali nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, yochedwa DoDMA. M'caka ca 2023 Nyumba ya Malamulo inaika lamulo latsopano m'malo mwa lakalelo, koma makwerero a nchito ayambirabe pamudzi.

Nchito za komiti ya pamudzi ziri zinai. Yoyamba ndiyo kucenjeza. A komiti amvera mau a zanyengo pa wailesi ndi pa lamya, nawafalitsa ndi ng'oma, belu, wenzulo kapena cimkuzamau. M'mitsinje ina anaikamo mizati yopakidwa utoto wobiriwira, wacikasu ndi wofiira, ndipo madzi akafika pofiira, a kumtunda aimbira lamya a kumunsi kuti athawe madziwo asanawapeze. Yaciwiri ndiyo kusamutsa anthu. Wacinyamata athawa yekha, koma nkhalamba, wolumala, wosaona, mai wapakati ndi ana amasiye afuna wowanyamula. Ndipo adziwa khomo la ali yense wa iwowa ndi mwini mudzi yekha. Yacitatu ndiyo kupulumutsa ndi kusamala obvulala kufikira atadza odziwa. Yacinai ndiyo kuwerenga anthu ndi kutumiza uthenga.

Nchito yacinaiyi ambiri aipeputsa, koma magulu onse otsatira aimira pa iyo. Taonani citsanzo. Mudzi wina utumiza mau akuti, “Kuno kwaopsa, tithandizeni!” Wina utumiza akuti, “Pa mudzi wakuti nyumba 30 zagwa. Anthu 4 saoneka. Obvulala ali 7, mmodzi wathyoka mwendo. Tasonkhana pa sukulu. Mlatho wacoka, koma bwato likhoza kufika pa dooko la kumunsi.” Bwanamkubwa amene ali ndi bwato limodzi ndi midzi yolira 50 adzatha kucitapo kanthu msanga pa uthenga waciwiriwu, pakuti wamuuza cotumiza, kotumiza ndi njira yace.

3. Magulu ofunafuna ndi kupulumutsa

Uthenga ukafika ku boma, anyamuka magulu amene anaphunzira nchito imeneyi. M'dziko lathu atsogolera ndiwo asilikari a nkhondo, pamodzi ndi apolisi, a nthambi yoona za maulendo a pamadzi, ozimitsa moto a m'mizinda, ndi anthu odzipereka a bungwe la Red Cross. Tiyeni tione macitidwe ao, pakuti muli nzeru zimene ifenso tikhoza kutengako.

Coyamba, wopulumutsa asamala moyo wa iye mwini. Kumeneku sikucita mantha ai. Munthu akalumphira m'madzi othamanga natengedwa, ofunika kuwapulumutsa asanduka awiri, ndipo opulumutsa acepa ndi mmodzi. Cifukwa cace pa madzi atsata makwerero awa: ayamba kumtambasulira munthuyo nsungwi kapena mtengo wautali, iwo ali ciimire pa mtunda, zikakanika amponyera cingwe comangirira cigubu copanda kanthu cotseka bwino, zikakanikanso amlondola ndi bwato. Kulowa m'madzi ndi thupi ndiko kotsiriza, ndipo acita wophunzira yekha atabvala cobvala coyandamitsa. Kumbukirani kuti madzi othamanga ofika m'maondo okha akhoza kugwetsa mwamuna wamphamvu.

Caciwiri, pokumba pa malo ogumuka saunjikana onse pamodzi. Agawa malowo m'zigawo, gulu liri lonse ndi cigawo cace ndi kapitao wace. Aika munthu mmodzi poonekera, maso ace ali ku phiri, kuti dothi likayambanso kuyenda aimbe wenzulo, onse athawe. Afunsa eni mudzi: Nyumba ya uje inali pati? Munagona anthu angati? Cipinda cogona cinali mbali iti? Nthawi ndi nthawi kapitao alamula kuti onse akhale cete, makasu pansi, kuti amve ngati wina alikubuula kapena kugogoda pansi pa dothi. Kumene kuli agaru ophunzitsidwa kununkhiza awatsogoza, monga anacita apolisi athu m'munsi mwa phiri la Soche. Ndipo malo amene afufuza kale aikapo cizindikiro, kuti gulu lina lisataye mphamvu pomwepo malo ena asanakhudzidwe.

Cacitatu, ayamba ndi amoyo, akufa pambuyo. Mau awa ndi owawa kwa munthu amene mbale wace ali pansi pa matope, koma ngati bwato liri limodzi, liyenera kutsogolera kwa mai ali mumtengo ndi mwana kumbuyo. Nthawi ya akufa ikafika, awanyamula ndi ulemu, nalemba malo amene anapezeka, zobvala zao ndi zizindikiro za pathupi, kuti abale awazindikire. Adotolo atiphunzitsa kuti mitembo ya anthu ofa ndi madzi kapena matope siibutsa mliri monga ambiri aopera. Ya ofa ndi kolera ndiyo ifuna kusamala kwapadera. Cifukwa cace sikuyenera kukwirira anthu mothamanga asanadziwike maina ao, pakuti banja limene silinaone manda a mbale wao likhala ndi cisoni cosatha.

Tinenenso zoona kuti pa nthawi ya Freddy magulu amenewa anasowa zipangizo. Mabwato, ndege ndi makina okumbira zinali zocepa poyerekeza ndi kukula kwa tsokalo, ndipo mvula inalikugwabe. Malo ena anadikira masiku ambiri asanaone munthu wa boma. Kumeneko moyo wa anthu unatsamira pa cimene a pamudzi anatha kucita okha.

4. Magulu a cipatala

Woturutsidwa m'matope sanapulumuke konse kufikira mabala ace atasamalidwa. M'masiku oyamba aja cipatala cacikuru ca Queen Elizabeth mu Blantyre cinalandira obvulala ndi akufa ocuruka pa nthawi imodzi, ndipo adotolo a bungwe la Médecins Sans Frontières anathandizana ndi a boma. Obvulala akacuruka cotere, adotolo satsata mzere wa amene anayamba kufika. Ayamba ndi kusankhula. Mmodzi ayenda msanga pakati pa onse, nayang'ana kupuma, kutaya mwazi ndi kutsitsimuka kwa munthu ali yense, nampatsa cizindikiro. Cofiira ndi ca iye amene adzafa ngati sathandizidwa tsopano lino. Cacikasu ndi ca wobvulala kwambiri koma wokhoza kudikira pang'ono. Cobiriwira ndi ca woyenda yekha. Cakuda ndi ca amene watsirizika kale.

Tidziwe ici kuti tisadzakwiye pa tsikulo. Wopfuula kwambiri kawirikawiri sindiye ali pafupi ndi imfa, pakuti wopfuula ali ndi mpweya. Amene agona cete ndiye aopsa. Namwino akapitirira mbale wathu wothyoka dzanja nathamangira mlendo wosalankhula, sanacite tsankhu. Wacita monga anaphunzira, kuti apulumuke ambiri.

Pali zina zimene ife tikhoza kucita adotolo asanafike. Bala lotaya mwazi tilipsinje kolimba ndi nsaru yoyera, osaleka. Wopweteka msana kapena khosi tisampinde. Timnyamule pa citseko kapena pa thabwa, mutu uli wolunjika ndi thupi. Wokomoka amene alikupuma timgoneke cammbali kuti asatsamwe. Wonyowa ndi wozizidwa timbvule zonyowazo ndi kumpfunditsa zouma.

Pambuyo pa masiku oyamba, magulu a cipatala ayendera misasa ndi mankhwala. Afunafuna amai oyembekezera, ana ofunika katemera, odwala malungo, ndi iwo amene amwa mankhwala masiku onse, monga a cifuwa cacikuru ndi otalikitsa moyo, amene mankhwala ao ndi mabuku ao a ku cipatala zinapita ndi madzi. Wotere asacite manyazi. Adziulule msanga kwa a zaumoyo, pakuti kudukiza mankhwala kuli ndi ngozi yace.

5. Magulu osamala misasa

Madzi akaphwa tsoka silinathe. Anthu mazana akaunjikana pa sukulu imodzi, zitsime zitadzala matope ndi zimbudzi zitagumuka, matenda apeza njira. M'caka ca 2023 mantha anali akuru koposa, popeza dziko linali kale pakati pa mliri wa kolera umene unayamba ku Machinga mu Marichi 2022, nupha anthu oposa 1,700. Cifukwa cace magulu a madzi ndi ukhondo anathamangira ku misasa monga anzao anathamangira ku matope.

Magulu amenewa ali ndi miyeso imene mabungwe othandiza a m'maiko ambiri anapangana. Munthu mmodzi afuna malita 15 a madzi abwino pa tsiku, a kumwa, kuphikira ndi kusamba. Cimbudzi cimodzi cikhale ca anthu osaposa 20, za amuna pa zokha ndi za akazi pa zokha, ndipo cikumbidwe mamita 30 kutali ndi citsime. Madzi akumwa athiridwe mankhwala a klorini kapena awiritsidwe, nasungidwe m'ndowa yobvundikira. Munthu akayamba kutsegula m'mimba amwe thanzi msanga ali pa ulendo wa ku cipatala. Thanzi la m'mapaketi likasowa, tisakanize lita imodzi ya madzi owiritsa, timasupuni 6 tosasefukira ta shuga, ndi theka la kasupuni ka mcere. Mliri uja sunakule monga anthu anaopera, ndipo mu Ogasiti 2023 boma linalengeza kuti waleka kukhala coopsa ca dziko lonse.

Ena pa msasa alemba maina a mabanja, kuti ufa, nyemba, zopfunda ndi masikito zigawidwe molungama. Ena ayang'anira ana amene asiyana ndi makolo ao, ndipo a Red Cross athandiza kulumikiza abale otayana. Ena aona kuti akazi ndi atsikana agone pa okha, ndi kuti njira ya ku cimbudzi ikhale younikidwa usiku. Pano tinene momveka: cithandizo ca pa tsoka ncaulere. Munthu ali yense, angakhale mfumu kapena wa komiti, amene afuna ndalama kapena thupi la mkazi kuti alembe dzina pa kaundula, wacita mlandu waukuru, ndipo tiyenera kumneneza kwa apolisi. Momwemonso wolembetsa maina a anthu amene kulibe, waba nsima ya mwana wa ku msasa wina.

6. Cimene cimanga magulu onse pamodzi

Mutu umodzi susenza denga. Koma osenza denga akapanda kumverana, wina kukokera uku wina uko, dengalo liwagwera pamutu. Maiko anaphunzira ici mowawa. Pa 7 Disembala 1988 cibvomezi cinapha anthu ngati 25,000 m'dziko la Armenia. Maiko ambiri anatumiza magulu ndi katundu ndi mtima wabwino, koma panalibe wowalongosola. Magulu ena anakumba pa malo amodzimodzi, malo ena osafikako munthu. Mankhwala anafika matani 5,000, ambiri osasankhula, ena otha mphamvu, ena olembedwa m'zinenero zimene adotolo a kumeneko sanathe kuwerenga. Ndipo anthu 50 anatha miyezi 6 pongofuna kudziwa cimene cinali m'mabokosimo.

Cifukwa ca zimenezi, m'caka ca 1991 bungwe la United Nations linakhazikitsa upo wochedwa INSARAG, umene uika malamulo a magulu opita kukapulumutsa anthu m'maiko a eni. Gulu lotere liyesedwa lisanabvomerezedwe. Lidza ndi cakudya cace, madzi ace ndi mahema ace, kuti lisalemetse dziko lobvutika. Ndipo likafika lidzionetsa kwa eni dziko, nililandira kwa iwo malo ogwirako nchito. M'caka ca 2005 anapangananso kuti mabungwe onse ogwira nchito yofanana adzikhala pamodzi pansi pa mtsogoleri mmodzi: a zaumoyo pa okha, a madzi pa okha, a cakudya pa okha, a malo ogona pa okha, a mtengatenga pa okha.

Dongosolo lomweli linatsatidwa kwathu pa nthawi ya Freddy. A DoDMA anatsegula likulu la nchitoyi mu Blantyre, kumene a maunduna a boma, asilikari ndi a mabungwe anakomana kawirikawiri. Mbali iri yonse inatsogozedwa ndi boma, mabungwe ali othandiza: unduna wa zaumoyo ndi WHO, wa zamadzi ndi UNICEF, a cakudya ndi WFP, a malo ogona ndi Red Cross. Pa likulu lotere mafunso ali atatu masiku onse: Ndani alikucita ciani? Alikucita kuti? Nanga kumene sikunafike munthu ndi kuti? Popanda mafunso amenewa, msasa wa m'mbali mwa mseu wa tala ulandira ufa katatu, pamene malo ozingidwa ndi madzi, monga Makhanga ku Nsanje, kumene kunafikika ndi bwato kapena ndege yokha, akhala ndi njala.

Tsono taonani umo unyolo ulumikizana. A pa likulu sadziwa kanthu koma cimene awauza a pa boma. A pa boma adziwa cimene awauza a kwa mfumu yaikuru. Ndipo iwowa adziwa cimene alemba a komiti ya pamudzi. Mudzi ukakhala cete, kapena ukatumiza ciwerengero conama, ndege iuluka kupita kolakwika.

7. Za alendo odzathandiza

Boma litapempha cithandizo, maiko anzathu anayankha. Tanzania inatumiza ndege za helikopita, asilikari, ufa, zopfunda ndi mahema. Zambia inatumiza ndege ndi cakudya. Ku Britain kunacokera gulu la anthu 27, ambiri a iwo ozimitsa moto, ndi mabwato ao a injini, nagwira nchito ku cigwa ca Shire, kucotsa anthu pa zitunda zozingidwa ndi madzi. A WFP ananyamula cakudya ndi mankhwala pa ndege kupita kumene galimoto sizinathe kufika. Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo ambiri ali moyo lero cifukwa ca iwowa.

Koma tizindikire ziwiri. Alendowa anafika patapita masiku angapo, pakuti ulendo ndi wautali ndipo katundu ndi wolemera. Anapeza amoyo iwo amene anasungidwa amoyo ndi anansi ao. Ndiponso mlendo, angakhale ali ndi bwato lamphamvu, sadziwa pamene pali citsa pansi pa madzi, pamene pakhala ng'ona, ndi njira ya ku mudzi umene wamira. Afuna msodzi wa pomwepo akhale kutsogolo kwa bwato, ndi womasulira mau, ndi kaundula wa maina. Ndipo nchito yace ikatha abwerera kwao, kumanganso midzi kutsalira eni.

8. Zimene tiyenera kucita mvula isanakule

Tifunse kwa mfumu ngati komiti ya pamudzi pathu iripo, ndi ngati ikomana. Ngati inafa, idzutsidwe mwezi uno. Ndipo mukhale amai ndi acinyamata, osati akuru okha.

Tipangane malo okwera othawirako ndi njira yopitira kumeneko usiku, ndipo ana omwe aidziwe. Tipanganenso kaimbidwe ka ng'oma kapena belu kamene kadzatanthauza kuthawa, kosiyana ndi ka maliro kapena ka msonkhano.

Tilembe maina a nkhalamba, olumala, odwala ndi amai apakati, ndipo pa dzina liri lonse tilembepo anthu awiri amene adzamnyamula.

Tisunge pa malo amodzi odziwika cingwe cacitali, nsungwi, zigubu, makasu, mafosholo, tochi ndi wenzulo, pamodzi ndi manambala a lamya a ku boma, a ku polisi ndi a ku cipatala. Banja liri lonse limange ziphaso, mabuku a ku cipatala ndi mankhwala m'pepala la pulasitiki, poti nkutola msanga.

Okhala m'munsi mwa mapiri adziwe zizindikiro za kugumuka: ming'alu yatsopano m'nthaka kapena m'makoma, mitengo yoyamba kupendama, kasupe wotumphuka pamene panalibe, mtsinje wophwa mwadzidzidzi mvula irikugwa, ndi mkokomo wocokera ku phiri. Poona izi tisadikire kuca. Tithawire cammbali, kuturuka m'njira ya khwawa, osathamangira kumunsi kumene matope alikulinga.

Ndipo akatiuza kuti tisamuke, tisamuke, tingakhale tiona kumwamba kuli ngwee. Ambiri anafa pobwerera kukatenga mbuzi kapena thumba la cimanga. Kusamuka pacabe kutaya tsiku limodzi. Kukana kusamuka kwatayitsa mabanja athunthu.

Mafunso a pa phunziroli

1. Ngozi ndi tsoka lalikuru zisiyana bwanji?
2. Chulani nchito zinai za komiti ya pamudzi. Nanga uthenga wolongosoka ukhala ndi ciani?
3. Munthu akatengedwa ndi madzi, tiyamba ndi ciani, ndipo titsiriza ndi ciani?
4. Cifukwa ninji adotolo satsata mzere obvulala akacuruka?
5. Za ku Armenia zitiphunzitsa ciani za cithandizo copanda dongosolo?
6. Pamudzi panu malo othawirako ali kuti, ndipo adzanyamula nkhalamba zanu ndani?

Tipempha aphunzitsi ndi onse odziwa kuwerenga kuti awerenge phunziroli mokweza pabwalo, kuti osadziwa kuwerenga alimvenso. Ndipo funso lacisanu ndi cimodzi liyankhidwe pamaso pa mfumu, maina nalembedwe tsiku lomwelo.